Mukutema mphini miyendo yosalakwa

M'midzi ndi m'matauni a dziko lino muli ana amene afika zaka zitatu kapena zinayi, koma akaimiritsidwa zidendene sizigunda pansi. Amanyang'ama, mawondo amagundana, miyendo imapingasana, ndipo mukati muutambasule mwendo umalimba gwa. Si zachilendo kupeza ana otere ali ndi mizere ya mphini kuyambira m'chiuno mpaka ku akakolo. Nyuzipepala ino ikunena mosapsatira kuti mphini zimenezo ndi mabala achabechabe, oonjezera pa mwana amene akuvutika kale. Vuto lake, limene achipatala amalitcha cerebral palsy kapena CP, lili mu ubongo. Ndipo mwa anthu onse amene amuzungulira n'kumamunena, palibe amene ubongo wake umagwira ntchito yolemetsa ngati wa mwanayu pofuna kuponya phazi limodzi lokha.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'mutu, chifukwa umbuli wa pamenepa ndi umene ukubala nkhanza zonse zimene tizitchule. Munthu akafuna kukweza phazi, lamulo limachokera pamwamba pa ubongo, chapaliwombo. Dokotala wa ku Montreal, Wilder Penfield, m'zaka za m'ma 1930 ankakhudza ubongo wa odwala ake ndi kamphamvu kochepa ka magetsi pochita opaleshoni, ndipo anaona kuti chiwalo chilichonse chili ndi dera lake. Nkhope ndi lilime zili m'munsi cham'mbali, dzanja lili pakati, mwendo ndi phazi zili pamwamba penipeni pamene mbali ziwiri za ubongo zimayang'anizana. Lamulo likachoka pamenepo limatsika kudzera m'timitsempha tating'onoting'ono, ndipo likafika pamene ubongo walumikizana ndi mtsempha waukulu wa mu msana, limawolokera mbali inayo. N'chifukwa chake bala la kumanzere kwa ubongo limafoola mkono ndi mwendo wakumanja.

Timitsempha topita ku miyendo timadutsa m'mphepete mwa timphako tamadzi timene tili mkati mwa ubongo. Mwa khanda lobadwa masiku asanakwane, dera limeneli limakhala lanthete, ndipo magazi kapena mpweya zikangoperewera, ndilo limayamba kuonongeka. Apa ndiye pali yankho la funso limene agogo amafunsa ali chigwirire kukamwa, loti zimatheka bwanji mwana kumadya yekha nsima, kumaseka, kumayankhula, koma miyendo yokha n'kukana. Palibe mfiti imene inasankha miyendo. Njira ya ku miyendo ndi imene inali pafupi ndi pamene panavulala. Babu likazima chifukwa waya wapsa kudenga, wanzeru sakhalira kukanda babulo ndi lezala.

Ubongo sumangolamula mnofu kuti ukoke. Umauzanso mnofu wina kuti usiye. Kuti bondo lipinde bwino, mnofu wakutsogolo kwa ntchafu uyenera kumasuka pamene wakumbuyo ukukoka. Msana paokha uli ndi chizolowezi chokokera mnofu uliwonse umene watambasulidwa mwadzidzidzi, ndipo ndi chimene dokotala amayesa akamagogoda bondo ndi kanyundo. Ubongo ndi umene umaletsa chizolowezi chimenechi kuti chisapyole muyeso. Njira ikaonongeka, woletsa sakhalapo, minofu yotsutsana imakoka pamodzi, mwendo n'kuuma. Ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse a CP ali ndi mtundu umenewu wolimbitsa minofu. Chinanso chimene chimatayika ndi luso losuntha mfundo imodzi payokha. Muuzeni mwanayo akweze phazi lokha, muona bondo ndi chiuno nazo zikupinda, mwina mwendo winawo n'kusunthanso, osati chifukwa sanamve, koma chifukwa lamulo likufika mwachisawawa ku minofu yambiri nthawi imodzi.

Masiku ano zimenezi zimayezedwa. Akatswiri a ku National Institutes of Health ku America anaveka ana zipewa zokhala ndi timagetsi toyeza mmene magazi akuyendera mu ubongo, n'kuwauza kuti asunthe akakolo kapena chiuno. Mwa ana a CP, dera la ubongo limene linkadzuka linali lalikulu kuposa la anzawo, ndipo amene ankalephera kwambiri kusuntha mfundo imodzi payokha ndi amene ubongo wao unkatakataka kwambiri. Enanso ku Omaha, poyeza ndi makina a mtundu wina, anapeza kuti kusiyanaku kumayamba mwendo usanasunthe n'komwe, pamene ubongo ukungokonzekera. Thupi nalo limalipira: ana ena a CP amatha mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu poyenda mtunda womwewo umene mnzawo amayenda akuimba nyimbo.

Tsono bambo amene mumathyola kamtengo n'kumakwapula mwana kuti aponde pansi bwino, mukukwapula munthu amene wapereka kale zonse zimene ali nazo. Mphunzitsi amene mumati mwanayu ndi waulesi chifukwa wafika mochedwa ndipo akusinza m'kalasi, dziwani kuti ulendo wochoka kunyumba kufika pakhomo la kalasi yanu wamudyera mphamvu zimene anzake adzathe pofika madzulo. Chimene mukuchitcha mwano ndi kutopa. Manyazi akugwireni.

Koma nkhanza zazikulu zimagwera mayi. Mwana akangooneka kuti khosi silikulimba, pamudzi pamayamba manong'onong'o. Ena amati ndi tsempho, mayi anayenda njira ali ndi pakati kapena ali m'chikuta. Ena amati makolo anakhwimira mwanayo kuti bizinesi iyende. Apongozi amalengeza kuti ku mtundu kwao kulibe zotere, ndiye kuti zachokera kuchikazi. Posakhalitsa mwamuna amanyamula chikwama, akuti akukafuna ganyu, ndipo kubwera kwake kumakhala kwa mphekesera zoti anakwatira kwina. Ankhoswe amene anavina tsiku la ukwati amangoti zii.

Zimene zimavulaza ubongo wa mwana zinadziwika kalekale. Mu 1861 dokotala wa mafupa, William John Little, anafotokozera madokotala anzake ku London kuti ana ouma miyendo amene ankawaona ambiri anabadwa movutikira, anabadwa masiku asanakwane, kapena anachedwa kupuma atabadwa. Mu 1897 Sigmund Freud anaonjeza kuti nthawi zina vuto limayamba mwana akadali m'mimba. Papita zaka zoposa 160 chiyankhulire Little, ife tikadali kuombeza. Kuno kwathu zifukwa zake n'zodziwika kwa mzamba aliyense: mwana kubanika pobadwa chifukwa matenda anatenga nthawi yaitali, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chimene chasiyidwa mpaka kufika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, ndi malungo a mu ubongo akagwira mwana akadali wamng'ono. Chikasu chimaononga zigawo zamkati zimene zimasalaza kayendedwe ka thupi, n'chifukwa chake ana ake amapotokola manja ndi miyendo mosafuna. Za malungo, ndi ku Blantyre konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kumene ofufuza pogwiritsa ntchito makina a MRI anasonyeza mu 2015 kuti ana ambiri amene amafa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa. Ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu kapena kufooka kwa ziwalo.

Pa mndandanda umenewu palibe chigololo cha mayi. Chimene chilipo ndi kuchedwa. Ndipo tikafunsa amene anachedwetsa mayi woyembekezera, kawirikawiri timapeza omwe aja akumuloza chala lero: mwamuna amene anakana kuti mkazi wake akadikirire ku chipatala chifukwa kunyumba kusowa wophika, apongozi amene anati ayambe amwa kaye mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, achibale amene anaona maso a khanda ali chikasu n'kunena kuti zitha zokha, ndi onse amene anaona mwana akukomoka ndi malungo n'kuyamba kwa sing'anga m'malo mothamangira ku chipatala. Kukhala chete pa zimenezi pofuna kusunga ulemu wa akuluakulu ndi kugulitsa ana amene sanabadwe.

Boma lisaganize kuti lapulumuka. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Dziko lotere liyenera kuyembekezera ana ambiri ovulala njira ya ku miyendo ija, ndipo liyenera kukonzekera. Pa dziko lonse, CP imapezeka mwa ana awiri kapena atatu pa 1,000 alionse obadwa amoyo, koma m'maiko olemera chiwerengerochi chakhala chikutsika pamene m'maiko osauka chikadali chokwera. Sichinatsike ndi mapemphero okha. Mankhwala a magnesium sulphate, omwe aja azamba athu amabaya mayi amene magazi athamanga kwambiri mpaka kufuna kukomoka, akaperekedwa kwa mayi amene akuchira mimba isanakwane masabata 32 amachepetsa chiopsezo cha CP ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo bungwe la WHO linalangiza zimenezi mu 2015. Khanda losapuma limafunika kulipopa mpweya m'mphindi yoyamba, ndipo chipangizo chake n'chapamanja, chosafuna magetsi. Chikasu chimatha ndi nyale yapadera. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwa ndi kukhwimira pa Queen Elizabeth pomwepa. Dziko lino ndi limene linayamba kupereka katemera wa malungo mu Epulo 2019. Nzeru zilipo, zina mwa izo zathu zomwe. Koma nzeru sizithandiza kanthu usiku umene mzamba mmodzi akuyang'anira amayi angapo nthawi imodzi, ambulansi ilibe mafuta, ndipo magetsi azima nyale ya chikasu ili pa mwana. Mwana wovulala usiku woterowo wavulazidwa ndi bajeti, ndipo aphungu amene anaivomereza asamayang'ane kumbali.

Pali mfundo imodzi imene tikufuna kholo, namwino ndi nduna aliyense aisunge. Bala la mu ubongo la CP silikula. Mmene linalili mwana ali ndi chaka chimodzi ndi mmene lidzakhalire ali ndi zaka 20. Chimene chimakula ndi kupindika kwa thupi. Mafupa amatalika, koma mnofu wouma umene sukugwiritsidwa ntchito umatsalira, ndiye umakoka mfundo mpaka bondo silingaongokenso, phazi limaloza pansi mpaka kalekale, msana umakhota. Mwa ana atatu alionse a CP, mmodzi fupa la ntchafu limayamba kuguluka m'chiuno, makamaka amene sayenda, ndipo likaguluka ululu wake umalepheretsa mwana kukhala pansi, kugona ngakhale kusambitsidwa. Ku Sweden anayamba mu 1994 kuyeza ana onse a CP pafupipafupi ndi kujambula chiuno ndi X-ray, n'kumathandiza fupa lisanatuluke, ndipo kuguluka kwa chiuno kunatsala pang'ono kutheratu. Choncho mukaona mwana wa zaka 10 atapindikira pamphasa kuseri kwa nyumba, miyendo itapiringizana moti simungamuveke kabudula, musanene kuti matenda akula. Chakula ndi kulekerera kwathu. Mbali yaikulu ya zimene mukuonazo inali yopeweka.

M'mera mpoyamba, ndipo ubongo wa khanda ndi umene umatha kwambiri kupeza njira zatsopano zolambalala pamene paonongeka. Madokotala tsopano amatha kuzindikira mwana amene ali pachiopsezo cha CP asanakwanitse miyezi 5. Imodzi mwa njira zake, imene anayambitsa Heinz Prechtl, ndi yongoyang'anitsitsa mmene khanda likuphiriphithira lokha litagona chagada. Siifuna makina odula, imafuna maso ophunzitsidwa, ndipo ngakhale kanema wojambula pa foni amathandiza. Ife tili ndi mwayi umene maiko ena amausirira: amayi athu amapita ku sikelo mwezi ndi mwezi, mvula kaya dzuwa. Timamukweza mwana pa sikelo, timalemba kulemera kwake m'buku, timamubaya katemera, n'kumubwezera kumsana kwa mayi ake popanda womuyang'ana mmene akusunthira. Mayi akadandaula kuti mwana wafika miyezi 8 koma khosi likugwabe, manja amangokhala ofumbata, miyendo imauma pomusambitsa, yankho loti ana amasiyana, adzayenda nthawi yake ikakwana, ndi yankho laulesi. Likumudyera mwanayo miyezi imene sidzabwereranso. Mlangizi wa zaumoyo aliyense ayenera kudziwa zizindikiro zimenezi monga amadziwira zizindikiro za kunyentchera, ndipo ayenera kudziwa kotumiza mwanayo tsiku lomwelo.

Tinene chilungamo chimene ena amabisa pofuna kukometsa nkhani. CP ilibe mankhwala ochiza. Palibe jakisoni, palibe muzu, palibe madzi odalitsidwa amene angabwezeretse timitsempha timene tinafa. Mneneri amene amaimiritsa mwana wotere kutsogolo kwa mpingo, n'kumukoka manja kuti aponye mapazi anthu akuombera m'manja, kenako n'kuuza mayi kuti mwana wabwerera m'mbuyo chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, ndi wakuba, ndipo wakuba wopanda chisoni. Sing'anga amene walandira mbuzi polonjeza kuti mwana athamanga pofika mwezi wamawa ndi chimodzimodzi. Sitikuletsa munthu kupemphera. Tikuletsa kudyera masuku pamutu mayi wosweka mtima. Achipatala ali ndi muyeso wa magawo asanu umene unakonzedwa ku Canada mu 1997, kuyambira mwana woyenda yekha popanda chovuta chachikulu mpaka amene sangadzutse mutu payekha, ndipo pofika zaka ziwiri muyesowu umathandiza kuuza makolo moona zimene angayembekezere. Ana pafupifupi awiri mwa atatu amadzayenda, ena paokha, ena ndi ndodo kapena choyendera. Otsalawo amafunika njinga ya olumala ndi mpando wowakhazika bwino, ndipo kuwapatsa zimenezi msanga si kugonja.

Mafizo nawo ali ndi kachitidwe kake. Popeza vuto lili pa kulamula kwa ubongo, kungomukoka mwana miyendo iye atagona duu sikuphunzitsa ubongo kanthu. Ubongo umaphunzira mwana akamayesa yekha chinthu chimene akuchifuna: kufikira kapu, kudzuka pa mpando, kuponda mpira, kukwera khonde, mobwerezabwereza tsiku ndi tsiku. Ntchito yaikulu imachitikira pakhomo, ndipo siingakhale ya mayi yekha. Mpando wochirikiza msana ndi choimiritsira mwana amatha kupanga kalipentala wa pamsika akauzidwa miyeso, ndipo ena amapanga ndi makatoni omata. Bambo amene amatha kukhoma khola la nkhunda asatiuze kuti izi zamukanika.

Thandizo la akatswiri lilipo, koma lili kutali ndi ambiri. Chipatala cha Beit CURE chakhala chikuchita maopaleshoni a mafupa a ana ku Blantyre kuyambira 2002. Kuli chipatala cha Kachere, kuli bungwe la MAP lothandiza anthu a ulumali, kuli malo opangira zochirikiza mapazi ndi miyendo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Sukulu ya madokotala imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya KUHeS yakhala ikuphunzitsa akatswiri a mafizo kuyambira 2010. Amene akugwira ntchito m'malo amenewa tikuwavulira chipewa. Koma mayi wa ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Makanjira, wobereka mwana wa zaka 7 kumsana, amene kondakitala wa minibasi amamulipiritsa mipando iwiri, sangapite ku mzinda mwezi ndi mwezi. Akalephera timamulemba kuti wathawa chithandizo. Sanathawe. Chithandizo ndi chimene sichinamufikire, ndipo dziko limene limatula udindo wotere m'manja mwa mabungwe achifundo n'kumadzitama pa misonkhano likudzinamiza.

Malamulo ndiye tili nawo ambiri. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la anthu a ulumali mu 2012, n'kubweretsanso lina latsopano mu 2024. Maphunziro a pulayimale ndi aulere chiyambire 1994. Pafupifupi theka la ana a CP nzeru zao zili bwinobwino, ndipo ena amene amavutika kutulutsa mawu amamva chilichonse chimene mukunena pamaso pao, kuphatikizapo mayina achipongwe amene mumawatcha. Komabe mwana wanzeru zake amakhala pakhomo chifukwa khomo la kalasi lili ndi masitepe, ndipo chimbudzi cha pasukulu ndi dzenje limene munthu wosatha kunjuta ayenera kulifikira chokwawa, manja ali pansi ponyowa. Mphunzitsi wamkulu amene amauza kholo kuti sukulu ino si ya ana otere akuphwanya lamulo, ndipo komiti ya sukulu imene imamanga kalasi yatsopano ndi masitepe omwewo ikuphwanya naye limodzi. Njerwa zopangira potsetsereka n'zochepa kuposa za chikwangwani cholembapo dzina la wopereka thandizo.

Kwa abambo othawa, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 silinapatule mwana wa ulumali. Udindo wopereka chisamaliro uli pa inu kaya mwakwatira kwina kaya ayi, ndipo mafumu ndi ankhoswe aleke kuweruza nkhani zimenezi ngati kusamvana wamba kwa m'banja. Azithandiza mayiyo kukafika ku khoti.

Kwa Unduna wa Zaumoyo, pa 6 Okutobala, tsiku lokumbukira CP pa dziko lonse, sitikufuna malaya olembedwa uthenga kapena gule wa pa bwalo la sukulu. Nduna ibwere ndi mayankho a mafunso atatu, boma ndi boma, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje: kuli akatswiri a mafizo angati olembedwa ntchito ndi boma, ndi zipatala zingati zochiritsira amayi zimene zili ndi nyale ya chikasu yogwira ntchito, ndipo alangizi a zaumoyo angati aphunzitsidwa kuzindikira khanda limene ubongo wake wavulala. Komiti ya zaumoyo ya ku Nyumba ya Malamulo iitanitse ziwerengero zimenezi bajeti ikubwerayi isanadutse, ndipo nyuzipepala ino idzazisindikiza monga mmene zidzabwerere.